Dothi Lopanda Mapale

Amene anali ana a sukulu cha ku Ndunde m'zaka za m'ma 1950 amawakumbukira a Bibiana ngati mayi wamfupi, wa khosi lopendekera kumanzere, amene ankatulukira Lachisanu lililonse atasenza dengu la dothi n'kulitula pakhomo pa sukulu popanda moni wochuluka. Sanali mphunzitsi, ndipo ngakhale dzina lawo lomwe sankatha kulilemba. Komabe pakanapanda iwo, phunziro la ntchito zamanja pasukulu imeneyo likanangothera pakamwa. Ana ankaumba ng'ombe, nkhuku ndi tianthu, a Bibiana n'kumawaotchera pamodzi ndi mbiya zawo, ndipo anachita zimenezo mpaka chaka chimene anamwalira, cha 1958. Anthu ankati anali aukali. Zoona, pakamwa pawo panali tsabola, ndipo wobwera kudzanyoza mbiya yawo ankabwerera makutu akutentha. Koma sikuti kuyambira kale ankaotchera ana zidole, ayi. Ntchito imeneyo anaiyamba mochedwa, ndipo inawalowa ndi misozi.

Anabadwa cha m'ma 1906, makolo awo atangofika kumene kuchokera ku dziko la Apwitikizi, kuseri kwa Mulanje, atasenza ana, makasu ndi mbewu ya chinangwa. Amayi awo anali oumba mbiya, ndipo chuma chimene anabwera nacho chinali nsangalabwi imodzi yokulungira miphika. Bibiana anayamba kutsata amake ku mtapo, kudzenje la m'mbali mwa mtsinje kumene oumba amakumba dothi, mano a mkaka asanathe kuguluka. Kumeneko anaphunzira chinthu chimene woumba aliyense amachidziwa ngakhale ali m'tulo: dothi la mtapo palokha silipirira moto. Umayamba watola mapale a mbiya zakale, kuwasinja mumtondo wakewake, kusefa, kenako n'kukandira ufa umenewo m'dothi. Ukapanda kutero mbiya imaoneka bwino ikamauma, koma ikalowa pamoto imaphulika. Kusinja mapale ndiyo ntchito imene oumba onse amaida. Fumbi limalowa m'mphuno ndi m'maso, musi umadumpha m'manja, ndipo pofika madzulo zikhatho zimakhala matuza okhaokha.

Anabatizidwa ku mishoni ali namwali, nakwatiwa ndi a Silvesta, munthu wofatsa amene ankagwira ntchito m'munda wa fodya wa mzungu. Anabereka ana asanu. Anayi anatsikira kuli chete asanayambe n'kulankhula komwe, wina ndi malungo, wina ndi chikuku, enawo sizinadziwike. Anatsala mmodzi, chitsirizira, dzina lake Albertina, wobadwa mu 1937. Chaka chotsatira a Silvesta anati akaone za ku Halale kumene anzawo ankabwerako ndi njinga ndi majekete, ndipo anapita ulendo wa kutchona, osatumiza ngakhale kalata. A Bibiana sanadikire pamsewu. Anatenga khasu ndi dengu, nalera mwana wawo ndi dothi. Masiku amenewo mphika sunkafuna ndalama: wogula ankaudzaza chimanga kapena nandolo, kukhuthulira m'lichero la woumba, n'kunyamula mphika wake.

Sukulu ya m'mudzimo inali nyumba imodzi yofolera udzu, imene Lamulungu inkasanduka tchalitchi. Mphunzitsi wake anali a Rafaeli, bambo wamtali, wochepa thupi, amene jekete lawo limodzi linkadziwika dera lonse. Kuchokera ku mishoni ankalandira bolodi, choko chowerengeka ndi masileti ochepa moti ana atatu ankalimbirana imodzi. Kenako kunabwera mawu akuti ana aziphunzitsidwanso kujambula ndi ntchito zamanja. Mawuwo anabwera okha, opanda pepala, opanda penti, opanda kalikonse m'manja.

A Rafaeli sanali munthu wokhala pansi n'kumadandaula. Mtundu wakuda anaupeza m'makala, wofiira m'katondo wa pachulu, woyera m'njereza, ndipo wobiriwira ankafinya masamba a nyemba, ngakhale kuti unkazilala dzuwa lisanalowe. Maburashi ankatafuna timitengo kunsonga mpaka titachita nyenyeswa, ena n'kumanga ubweya wa kumchira wa mbuzi pa kansungwi. Mbuzi za m'mudzimo zinafika pomathawa zikaona jekete lija. Pojambulapo panali pakhoma la kuseri, limene ana ankalizira mwatsopano mwezi uliwonse. Anyamata ankapota zingwe za khonje, atsikana n'kumaluka mlaza. Chimene chinawavuta ndi dothi loumbira. La m'munda linkanyenyeka, la pachulu linkang'ambika, ndipo ku mtapo mwamuna sankapitako, chifukwa kunali kwa amayi. Choncho tsiku lina anakagogoda kwa a Bibiana chipewa chili m'manja.

"Odi, amake Albertina. Ndabwera ndi pempho."

"Fikani, aphunzitsi. Ngati ndi mtsuko, uwo uli apowo mwini wake alipo kale."

"Si mtsuko, mayi. Ndikufuna dothi, dengu limodzi pa mulungu, loti ana aziumba kusukulu."

"Aziumba chiyani?"

"Chimene maso awo aona. Ng'ombe, mbalame, nyumba."

A Bibiana anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ndiye sukuluyo ndi imeneyi? Zimene ana amachita kudambo akamaweta mbuzi, inu mwazimangira nyumba? Chabwino, ndidzabweretsa. Dothi si langa, ndi la Mulungu."

Anasunga mawu awo. Lachisanu lililonse dengu linkafika, dothi lokanda bwino, lofundika masamba a nthochi kuti lisaume. Koma linali dothi lopanda mapale. Kwa a Bibiana zimenezi zinalibe mlandu: zidole za ana ndani amaziotcha? Zimauma pakhoma, mvula ikabwera zimabwerera kumene zinachokera, basi. Munthu angatupitse manja chifukwa cha masewera?

Albertina anayamba sukulu ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kuwerenga ankatha mwa apo ndi apo, masamu ndiye ankamuthawa, koma likafika Lachisanu mwana ankasintha nkhope. Chodabwitsa n'chakuti kunyumba miphika inkamukana. Amake akamupatsa dothi kuti aumbe kamphika ka ndiwo, kankatuluka kopotoka kukamwa, kokhala pansi ngati kaledzera. Koma dothi lomwelo akaligwira kusukulu, pankatuluka mbuzi ikudzikanda ndi nyanga, kapena nkhuku itapendeketsa mutu kuyang'ana kamtema m'mwamba. Aphunzitsi ankaziika pakhoma, anthu obwera ku mapemphero n'kumaziloza. A Bibiana zimenezi zinkawapsetsa mtima. Iwo ankaona mwana wamasiye wa bambo wamoyo, amene tsiku lina adzafunika kudya za manja ake, akutaya luso pa zinthu zosadzaza lichero.

Tsiku lina Lachinayi, amake akukanda dothi la kusukulu pakhonde, Albertina anakhala pambali n'kumaseweretsa nsonga ya nsalu yake.

"Amayi, muthireko mapale pang'ono m'dothi limenelo."

"Mapale? A chiyani?"

"Kuti zimene ndaumba muzindiotcherako pamodzi ndi mbiya zanu. Zanga zonse mvula ikungodya. Mbuzi ija yatha miyendo."

"Asa! Iwe, manja angawa atuluke matuza chifukwa cha zidole? Mbuzi yakoyo ndiphikiramo therere?"

"Ndisinja ndekha, amayi."

"Mapale anga usawakhudze, ndi owerengeka. Ukadzaumba mphika wokhala pansi osagwa, ubwere udzandipemphe moto."

Albertina anali mwana wosabwereza pempho, ndipo nkhani ya mapale sanaitchulenso.

Chakumapeto kwa 1948 anaumba chinthu chimene chinagwetsa sukulu yonse ndi phwete. Anaumba mayi atakhala pansi, miyendo atatambasula, mphika uli pakati, khosi litapendekera kumanzere, kansonga ka lilime katatuluka pakona pa mlomo. Chinali chachikulu ngati papaya, cholemera, chosaboola m'kati. Panalibe wofunsa kuti ameneyu ndani. Lachisanu lotsatira, a Bibiana atatula dengu, a Rafaeli anawakodola kuti alowe.

"Amake Albertina, tabwerani mudzaone mlendo. Mukumudziwa?"

A Bibiana anayang'ana nthawi yaitali. Mwana wawo anali ataima kumbuyo kwa anzake, maso ali pa iwo, akudikira. Mumtima mwawo munatentha ndi chimwemwe, chifukwa anaona kuti ngakhale mmene iwo ankapindira chala chaching'ono pokulunga mphika, mwanayo anali ataziona. Koma pakamwa pozolowera tsabola sipatuluka uchi msanga.

"Khosi langa si lotero," anatero, natembenuka n'kutuluka.

Panjira anaseka okha mpaka amayi ena ochokera kumadzi anawacheukira. Mumtima a Bibiana anati akamuuza mwanayo madzulo kuti waumba bwino. Madzulo kunabwera wogula mtsuko. Anati adzamuuza mawa, ndipo mawa linabwera ndi zake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mvula ya chaka chimenecho inagwa bwino poyamba, chimanga n'kumera, kenako mu Januwale kumwamba kunangoti mbee, dzuwa n'kuotcha zonse. Imeneyo ndiyo njala ya 1949, imene okalamba a ku Chiradzulu ankaitchula motsitsa mawu. Miphika inasowa wogula, pakuti munthu agula mphika wa chiyani wopanda chophika? A Bibiana anasinthanitsa mbuzi, kenako khasu limodzi, kenako mkanda wa amayi awo. Anadya gaga, mango osakhwima ophika, ndi mizu imene kale ankaidutsa osaiyang'ana. Sukulu inatsekedwa yokha, ana atasiya kubwera. Chakudya chikapezeka ankakankhira mwana, mwana n'kumabwezera amake, mpaka onse awiri kukangana pa chinthu chosadzaza chikhatho.

Albertina anapirira chaka chonse. Anadwala mu Febuluwale wa 1950, chimanga chatsopano chitayamba kumasula m'munda, anthu akuti tapulumuka. Anatsegula m'mimba, ndipo thupi linalibe poyambira kulimbana. Anamunyamula pa machira kupita naye kuchipatala cha mishoni, asisitere anayesetsa, koma tsiku lachitatu mwana anapita. Anali ndi zaka khumi ndi zitatu zosakwana. Pamaliro a Bibiana sanalire mokweza, chifukwa kulira nakonso kumafuna mphamvu, ndipo m'mudzimo munalibe amene anali nazo.

Patapita milungu itatu a Rafaeli anafika atanyamula kanthu kokulunga m'jekete lawo lija.

"Amake Albertina, denga la sukulu likudontha. Zonse za pakhoma zasungunuka, chatsala ndi ichi. Ndati chisathere kwa ine."

Anachitula pamphasa. Phazi limodzi linali litadyeka ndi madontho, koma khosi linali lopendekeka chomwecho, lilime lili pakona pake. A Bibiana anachitembenuza, ndipo kumsana, kumene woumba sanavutike kusalaza, anaona malo atatu olowa m'kati pamene mwana anakanikiza ndi chala chachikulu. Timizere ta khungu la chala chake tinkaoneka bwinobwino. Panalibe chithunzi cha Albertina, panalibe kalata, ndipo sileti imene ankalembapo inali itafufutidwa kalekale ndi ana ena. Nsalu yake yabwino anamuika nayo. Chimene manja ake anasiya pa dziko lino chinali chimenechi chokha.

A Bibiana anachiika pansanja, pamwamba pa moto, pamene madzi sakanafika. M'mawa uliwonse asanapite kumunda ankachitsitsa n'kulowetsa chala chawo m'malo atatu aja, limodzi limodzi. Ankalankhula nacho pang'ono, zimene sanamuuze mwini wake. Koma dothi losaotcha ndi dothi basi. Mkombero wa kamphika ka pakati pa miyendo unagwa wokha mu Meyi. Mu Juni khoswe anadutsapo, mphuno n'kunyenyeka. Ndipo tsiku lina atachitulutsa padzuwa, anaona kuti pa malo atatu aja, awiri anali atasalala. Timizere tinali titatha. Chala chawo chomwe, chokhakhala ndi khasu, n'chimene chinkafufuta mwana wawo tsiku ndi tsiku.

Anayesa kuleka kuchigwira, koma analephera pa tsiku lachinayi. Apa mpamene anayamba kuganiza za moto. Chinthu chikapsa bwino pamoto chimakhala zaka, mvula siichitha, chala sichichifufuta. Komanso panalibe munthu ku Ndunde konse amene ankadziwa kuposa iwo chimene chinali m'kati mwa dothi limenelo, popeza analikanda ndi manja awo. Mwezi wathunthu anakhala akulimbana nazo: kuchisiya chithe pang'onopang'ono iwo akuona, kapena kuchipereka kumoto umene ukanatha kuchisunga mpaka kale kapena kuchimaliza tsiku limodzi. Ankadzilimbitsa mtima kuti chauma pafupifupi zaka ziwiri, chakhala pa utsi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mwina dothi louma chotero lingakhululuke.

Anasankha m'mawa wina wa mu Seputembala, mphepo isanadzuke. Luso lonse la zaka makumi anayi analithera pamenepo. Anachiwambika kaye pafupi ndi makala mpaka chitafunda mbali zonse. Anachikhazika m'nkhali yakale kuti lawi lisachinyambite, navindikira ndi phale lalikulu. Anazunguliza makungwa ndi ndowe zouma, zimene zimayaka mofatsa, nayatsa moto chapatali kuti ufike pang'onopang'ono. Kenako anagwada, nachita chizindikiro cha mtanda, n'kuyamba kupemphera kolona. Utsi unakwera mowongoka. Moto unayenda monga ankafunira, wosathamanga, ndipo makungwa atasanduka makala ofiira, mtima wawo unayamba kutsika. Anafika pakati pa kolona yachiwiri.

Ndiye kunamveka kuti thu! Silinali phokoso lalikulu, moti nkhuku zimene zinkapalasa pafupi sizinathawe n'komwe. Koma woumba aliyense amalidziwa liwu limenelo. Patapita kanthawi kunamvekanso kawiri, motsatizana.

Sanathe kuchita kanthu, chifukwa nkhali yotentha sivundukulidwa. Anakhala pomwepo dzuwa likukwera, likufika pamutu, likupendeka, mpaka phulusa litazizira. Atachotsa phale lija anapeza zidutswa zofiira, zolimba, zolira ngati chitsulo zikagundana. Mutu unali utagawika pakati. Msana ndiwo unaphulika kwambiri, popeza ndi kumene kunali kochindikala. Anakhuthulira zonse m'lichero n'kuyamba kutembenuza kachidutswa kalikonse, kuyang'ana malo amodzi aja amene anatsala ndi timizere. Anasefa ngakhale phulusa la pansi pa nkhali. Sanawapeze.

Maliro amene sanalire mu Febuluwale anawalira tsiku limenelo. Anthu anathamanga kuchokera m'minda poganiza kuti kwagwanso zovuta, ndipo atapeza mayi akugubuduka pafupi ndi lichero la mapale, ena anayang'anana n'kumanong'ona kuti njala ija yawasiyira misala. A Rafaeli anafika ana atawauza. Anayang'ana m'lichero, navula chipewa.

"Pepani, mayi. Ndikanadziwa sindikanabwera nacho. Moto ulibe chisoni."

"Si moto, aphunzitsi," anatero a Bibiana, mawu atasasa. "Moto wagwira ntchito yake. Ndine. Mwana anandipempha mapale, pakhonde pomwepa, anati asinja yekha. Ine ndinamufunsa ngati ndiphikiramo therere."

Madzi akatayika saoleka.

Zidutswazo anazimanga m'kansalu kakale ka Albertina n'kuziika pansanja pomwe paja. Zinakhala pamenepo milungu iwiri, ndipo ngakhale sukulu inali itatsegulidwanso kale, masiku awiri a Lachisanu dengu silinafike. Koma woumba sasunga phale kuti azingoliyang'ana, ndipo sataya phale. Amayi awo anawaphunzitsa ntchito imodzi yokha ya mbiya yosweka. Lachinayi la mulungu wachitatu, oyandikana nawo anamva musi ukulira kuseri kwa nyumba kuyambira m'mawa. Unkalira, n'kuleka nthawi yaitali, n'kuyambanso.

M'mawa mwake a Bibiana anatulukira pasukulu atasenza dengu. Ana anali ochepa kusiyana ndi kale, ndipo pa mabenchi a dothi panali mipata imene aliyense ankadziwa eni ake. A Rafaeli anachotsa masamba a nthochi, natapa dothi pang'ono n'kulifikisa pakati pa zala monga ankachitira nthawi zonse. Linali lokhakhala.

"Lasintha lero, amake Albertina."

"Ndathira mapale. Zimene aumbe anawa musazisiyenso pakhoma. Zikauma mutumize kwathu, ndikaotche."

Aphunzitsi anayang'anitsitsa dothi lili m'dzanja lawo, naona timadontho tofiira ta mapale ongopsa kumene. Anayang'ana zikhatho za mayiyo, zimene zinali matuza okhaokha, ndipo anadziwa kumene zidutswa za chidole cha Albertina zinapita. Anaitana ana kuti abwere mmodzimmodzi.

Zaka zonse zija a Bibiana ankangotula dengu n'kutembenuka, n'kudzalitenga madzulo. Tsiku limenelo sanachoke. Anaima pakhomo, khosi litapendekera kumanzere, akuyang'ana timanja tikulowa m'dengu, kalikonse n'kutuluka ndi chibumi chake. Anadikira mpaka mwana womaliza atakokota za pansi, ndipo anatola dengu lopanda kanthu n'kubwerera kwawo.